Anamzeze a pa waya wa kuseri kwathu achepa. Akupita kuti, nanga inu mukuona zotani masika ano?

Nambewe_wapakhonde, Malichi 24

Moni nonse. Ine za mbalame ndangoziyamba chaka chomwe chino, ndiye mundipirire ndikatalikitsa kapena ndikaphonya mayina.

Mu Januwale ndinaterereka pamatope n'kuthyoka pakakolo. Anandiika chikhakha n'kundiuza kuti mwendowo usaponde pansi kwa masabata angapo. Kwa munthu wozolowera kuyendayenda, kukhala pansi kunandivuta koopsa. Ana akapita kusukulu, bambo awo kuntchito, ndinkadzikoka ndi ndodo mpaka pakhonde la kuseri n'kukhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka. Khondelo linayang'ana kudambo, ndipo pakati pa ife ndi dambolo pamadutsa mawaya atatu a magetsi. M'nyumba imeneyi takhalamo zaka 11, koma kunena zoona mawayawo ndinali ndisanawayang'anitsitsepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Pamawayapo pamatera anamzeze. Poyamba ndinkangoona timadontho takuda. Kenako mlamu wanga anandibwereka magalasi ake akale oonera patali, amene mbali imodzi inachita nkhungu mkati, moti ndimayang'ana ndi diso limodzi. Pamenepo ndi pomwe ndinaona kuti si akuda ayi. Kumsana ndi a buluu wakuda wonyezimira ngati chitsulo. Pamphumi ndi pakhosi ndi ofiira ngati njerwa yootcha, pansi pa khosipo padutsa lamba wakuda, ndipo kumimba n'koyera motuwira. Akatambasula mchira pofuna kutera pamaoneka timadontho toyera tondandalikana, ndi nthenga ziwiri za m'mbali zazitali, zosongoka ngati singano.

Pa 9 Febuluwale ndinatenga kope lakale la mwana wanga n'kuyamba kuwawerenga. Ndimawerenga okhawo amene atera pakati pa mapolo awiri oyang'anana ndi khonde, nthawi ya 5:30 madzulo. Febuluwale yense ankakhala pakati pa 40 ndi 60. Pa 3 Malichi ndinapeza 130. Pa 12 Malichi mawaya onse atatu anadzaza, moti ndinaleka kuwerenga mmodzimmodzi, ndinkangowerenga makumimakumi, ndipo ndinalekera pa 300 chifukwa kamphamba kena kanadutsa chapansipansi, onse n'kubalalika.

Madzulo amenewo akadali m'maso mwanga. Atabwerera pawaya anakhala motalikirana mofanana, ngati wina wayeza ndi zala, onse atayang'ana kochokera mphepo. Wina akasendera kwambiri, mnzakeyo ankamutsegulira mlomo mpaka asunthe. Ankalira osapuma, kaphokoso kofewa konga anthu ambiri akunong'onezana. Dzuwa litalowa onse anadzuka pamodzi, n'kumazungulira pamwamba pa bango la kudambo ngati utsi, kukwera, kutsika, kukweranso. Kachisisira katayamba anangogwera m'bangomo magulumagulu, mofulumira ngati miyala, kenako kunangoti zii.

Pa 18 analipo 85. Pa 21 analipo 22. Dzulo 9 okha. Sindinkadziwa kuti waya wopanda mbalame ungandiwawitse mtima chonchi.

China chimene ndaona n'chakuti mu Febuluwale ambiri anali onyankhalala, nthenga zothothokathothoka, ena michira yaifupi, pamphumi potuwa. Pano onse akuwala bwino.

Tsono chondizunguza ndi ichi. Miyezi yonseyi sindinaonepo ngakhale mmodzi atanyamula dothi kapena kaudzu. Pansi pa denga la aneba pali chisa cha dothi chokhala ndi kakhomo kakatali ngati khosi la botolo, koma eni ake ndi ena: mutu wonse wofiira, pachifuwa mizeremizere, ndipo iwowo alipobe, sakuonetsa zochoka. Nanga a pawayawa amaswera kuti? Akupita kuti? Kapena akufa ndi mankhwala a m'minda?

Komanso sabata ino cha m'ma 9 m'mawa ndikumamva kulira kumwamba kwenikweni, "pruu, pruu, pruu", kofewa ngati wenzulo yolowa madzi. Ndikakweza maso ndikumangoona timbalame ta mapiko osongoka tikuyandama mozungulirazungulira, tonse tikusendera kumpoto. Ndi mbalame yanji imeneyi?

Inunso kumene muliko, mvula ikutha chonchi, udzu ukuyamba kucha, mukuona chiyani?

Mphunzitsi_wopuma, Malichi 24

Mayi Nambewe, pepani ndi mwendowo, muchire msanga. Kope lanulo lisungeni bwino. Ine ndayang'ana mbalame zaka zoposa 20, ndipo zimene mwachitazo, malo amodzi, nthawi imodzi, tsiku ndi tsiku, ndi zimene ambiri a ife timalephera.

Mtima ukhale m'malo, sakufa. Anamzeze anuwo asayansi amawatchula Hirundo rustica, pa Chingerezi Barn Swallow. Khosi lofiira ndi lamba wa pachifuwa uja ndiye chizindikiro chake. Chisa chawo simudzachiona kuno, chifukwa amakaswera ku Ulaya ndi ku Asia, m'makola ndi m'mashedi a alimi a kumeneko. Kuno kumwera kwa Africa amayamba kufika cha mu Okutobala, kudzadya tizilombo ta dzinja ndi kudzasintha nthenga. Kunyankhalala munakuona kuja n'komweko. Amathothola nthenga zakale pang'onopang'ono, imodzi mbali ino, imodzi mbali inayo, kuti asaleke kuuluka, popeza chakudya chawo chonse amachigwira m'mwamba. Otuwa pamphumi a michira yaifupi aja ndi ana amene anaswedwa chaka chatha. Nthenga zikatha kumera, ulendo wayandikira. A chisa cha khosi la botolo aja ndi Lesser Striped Swallow, amenewo amaswera konkuno.

Za 300 a pa 12 Malichi aja, ine ndikuona kuti sanali anu okha a mu Febuluwale. Ambiri anali apaulendo ochokera kumwera kwenikweni, amene anapeza dambo lanu n'kugonapo usiku umodzi kapena uwiri. N'chifukwa chake nambala imayamba yakwera isanagwe.

Kale ku Ulaya, ngakhale anthu ophunzira kwambiri ankakhulupirira kuti anamzeze akasowa amakagona m'matope pansi pa madzi mpaka kutafundanso. Ndikaona mmene amagwera m'bango madzulo, sindiwadabwa anthu amenewo. Munthu waona mbalame zambirimbiri zikulowa m'bango, patapita masiku awiri palibe ndi imodzi yomwe, angaganize chiyani? Chinathetsa mkanganowo ndi mphete. Mu 1899 mphunzitsi wina wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete tachitsulo chopepuka tokhala ndi manambala. Mu 1911 namzeze wina anavekedwa mphete ku Staffordshire ku England, ndipo mu Disembala 1912 anapezeka pa famu ina ku Natal ku South Africa. Ndi mtunda woposa makilomita 9,000, kwa kambalame kolemera pafupifupi magalamu 20. Kuchokera nthawi imeneyo, mphete zopezeka kumwera kuno zaonetsa kuti anamzeze athuwa amachokera kuyambira ku Britain mpaka ku Siberia. Mukadzatola mbalame yakufa ili ndi mphete pamwendo, lembani nambala yake, tsiku ndi malo. Kaundula wa mphete za chigawo chino amasunga ndi a SAFRING, bungwe loona zoveka mbalame mphete, ku University of Cape Town.

Bango lanulo ndi chuma. Ku Mount Moreland, pafupi ndi Durban, kuli bango limene munkagona anamzeze pafupifupi 3 miliyoni. Pamene ankamanga bwalo la ndege la King Shaka pafupi ndi pomwepo, lomwe linatsegulidwa mu 2010, anaika makina a radar oti aziona gululo likamadzuka ndi kutera. Ine kufupi ndi kwathu kunali kadambo kamene ndinkawerengako anamzeze kwa zaka 9. Ena anabwera ndi magalimoto a dothi n'kukakwirira kuti amangepo. Chaka chotsatira mbalame zinabwera, zinazungulirazungulira pamwamba pa malowo madzulo angapo, kenako sizinabwerenso. Mpaka pano ndikadutsa pamenepo madzulo ndimakwezabe maso.

"Pruu pruu" uja ndi afulagombe a ku Ulaya, European Bee-eater. Amayamba kumveka asanaoneke, ndipo ino ndiyo nthawi yawo yobwerera. Mukadzawapeza atatera pamtengo wouma mudzasangalala: khosi lachikasu, mimba ya buluu wobiriwira, msana wofiirira wosakanikirana ndi golide. Akagwira njuchi amaimenyetsa panthambi n'kuikhuza kuti mbola ichoke, kenako n'kumeza.

Za kuno kwanga nazi. Kabawi wa mlomo wachikasu, wolanda anapiye uja, ndinamuona komaliza pa 6 Malichi, ndipo ndidzamuyembekezanso cha mu Ogasiti. Woodland Kingfisher amene ankandidzutsa m'mawa uliwonse kuyambira Novembala wangoti chete. Pa 22 Malichi ndinaona Red-backed Shrike wamwamuna pansonga pa chitsamba cha minga: mutu wotuwa ngati phulusa, mzere wakuda wodutsa m'maso, msana wofiirira. Muyang'anireni pa mipanda ndi pa zitsamba zazifupi mpaka pakati pa Epulo, amakonda kukhala poyera, chilili.

Chimodzi ndikupempheni. Kufika kwa mbalame n'kosavuta kulemba, umaona yoyamba n'kusangalala. Kuchoka ndiye kovuta, chifukwa tsiku limene mukuiona komaliza simudziwa kuti ndi lomaliza. Ndiye tsiku limene mwayang'ana osapeza kanthu, lembani 0, ndi tsiku lake. Zaka zanga zoyamba ndinkalemba zokhazo zimene ndaona, ndipo makope amenewo lero sandiuza chilichonse za masika, chifukwa sindingasiyanitse tsiku limene mbalame kunalibe ndi tsiku limene ineyo sindinatuluke.

Wanjinga_ndi_kamera, Malichi 25

Amayi, mwandikumbutsa kuti waya ndi malo abwino kuposa nkhalango nthawi zina. Ine Loweruka lililonse ndimakwera njinga ndi kamera pakhosi. Loweruka lapitali mvula inawaza masana n'kukata, dzuwa n'kutulukanso. Ndikudutsa pachigwa china cha udzu wautali ndinaona mawaya atadzaza mbalame zazikulu ngati njiwa. Ndinatsala pang'ono kupitirira, koma kakhalidwe kake kanali kachilendo, zinali zowongoka kwambiri. Nditaima ndinapeza kuti ndi timphamba, 47.

Zazimuna zinali zotuwa moderako thupi lonse, miyendo yofiira, kuzungulira maso kofiiranso, ndipo zikauluka kunsi kwa mapiko kunkaoneka koyera mbee. Zazikazi zinali zoyera kumimba, zamathothomathotho akuda. Amur Falcon ameneyo. Ndinakhala pansi pafupifupi ola lathunthu. Zinkagwira ziwala ndi atombolombo ndi phazi, kenako zikuuluka chomwecho zinkaweramitsa mutu n'kumadya zili m'mwamba, mapiko a chiwala akugwera pansi. Chithunzi chimodzi chokha ndi chimene chinatuluka bwino, zina zonse ndinanjenjemera.

Mbalame imeneyi imaswera kum'mawa kwa Siberia, ku Mongolia ndi kumpoto kwa China. Pobwera kuno imadutsa ku India, kenako n'kuwoloka nyanja yaikulu mpaka kum'mawa kwa Africa, makilomita pafupifupi 3,000 popanda potera. Mu 2012 zinadziwika kuti ku damu la Doyang, ku Nagaland ku India, anthu ankazikola ndi maukonde zikamapuma paulendo, zoposa 100,000 pa chaka. Chaka chotsatira anthu a m'mudzi wa Pangti ndi midzi yoyandikana nayo anasiya, ndipo lero ndi omwewo amene amazilondera. Nditamva nkhani imeneyi ndinakumbukira legeni yanga ya paubwana, ndi timbalame tonse timene ndinagenda osadziwa n'komwe kuti tachokera kuti. Azing'ono anga ndimawatenga pa njinga tsopano kuti aziona okha.

Aphunzitsi, pa dzina la fulagombe ndionjezepo pang'ono. Agogo anga aamuna ankatchula choncho mbalame iliyonse yokumba una pagombe la mtsinje, kaya yodya njuchi kaya yogwira nsomba. Ndiye polemba ndimaika mayina onse awiri kuti tisasokonezane.

Komanso tisatanganidwe ndi alendo okha. Mwezi uno eni dziko nawonso avala. Pachigwa chomwecho ndinaona Long-tailed Paradise Whydah wamwamuna, kathupi kochepa ngati mpheta koma mchira wakuda wotambalala wautali kuposa chikhatho, akuuluka movutikira pamwamba pa mitengo kuti akazi amuone. Mkazi wake samanga chisa, amakaikira dzira m'chisa cha kambalame kena kotchedwa Green-winged Pytilia, ndipo wamwamuna amaimba nyimbo ya mbalame yomwe inamulerayo. Ikafika nyengo yozizira mchira wonsewo umathothoka n'kusanduka kambalame kakhaki koti simungakazindikire.

Amayi, manambala anuwo mutha kumawaikanso pa eBird, pulogalamu ya pa intaneti imene anthu amalembapo mbalame zimene aona. Ndi ya Cornell Lab of Ornithology, inayamba mu 2002, ndipo imagwira pafoni. Madera athu ambiri ndi opanda olembapo, choncho waya wanu umodziwo ungathandize.

Namwino_wakutali, Malichi 26

Achemwali anga, ndawerenga zanuzi pa nthawi yopuma usiku kuntchito, ndipo misozi inalengeza. Ine ndili ku England chaka cha 7 tsopano. Kuno nyengo ndi yotembenuka. Inu mukulowa m'masika, ife tikungotuluka m'chisanu, mitengo ikuyamba kumene kuphuka. Zimene mukuona pa waya mu Malichi, ine ndimaziona mu Seputembala, masamba akamayamba kuchita chikasu.

Chisa chimene mukufunacho ndinachiona ine. Kumene ndimakonda kukawongola miyendo kuli famu ya nkhosa, ndipo m'shedi yake yosatseka muli zisa zitatu pamtanda wa denga. Ndi za dothi losakaniza ndi udzu, zooneka ngati theka la kambale, kumwamba kosatseka, mkati anayalamo nthenga. Amaikira mazira 4 kapena 5, ndipo kawirikawiri amaswa kawiri chaka chimodzi. Mu Julayi ndinaima pakhomo la shedi ndikuona timitu tinayi titandanda m'mphepete mwa chisa. Make akangolowa, milomo yonse inkatseguka nthawi imodzi, yachikasu mkati, iye n'kuponyamo n'kutuluka osatera n'komwe. Dzuwa la kuno nthawi imeneyo limalowa itadutsa 9 koloko usiku, ndipo makolowo amagwira ntchito mpaka nthawi yomweyo.

Sabata yachiwiri ya Seputembala chaka chatha ndinawapeza 70 pa waya wa foni kunja kwa famuyo, akulira ngati mmene mwafotokozeramo. Patapita masiku awiri ndinapeza waya wokhawokha. Mnzanga wa kuntchito anati anamzeze athu apita. Ndinamuuza kuti ine ndinakula ndikuwaona dzinja lililonse ndipo ndinkadziwa kuti ndi athu, moti tinaseka tonse, aliyense akukakamira. A kunowa amatsikira ku France ndi ku Spain, kuwoloka kupita ku Morocco, kudutsa chipululu cha Sahara ndi nkhalango za ku Congo, akuyenda masana makilomita pafupifupi 300 pa tsiku, akudya m'njira.

Anthu okonda mbalame kuno ali ndi nkhawa. Mu 2021 Swift ndi House Martin, mbalame zooneka ngati anamzeze zomwenso zimabwera kwanuko, zinaikidwa pa mndandanda wofiira wa mbalame zimene zachepa kwambiri m'dziko muno. Nyumba zatsopano zilibe mipata yomangamo zisa, tizilombo touluka natonso tachepa.

Anamzeze amayamba kufika kuno mu Epulo. Ndiziyenda kufamuko pa masiku anga onse opuma, ndipo woyamba ndikangomuona ndidzakuuzani tsiku lake.

Nambewe_wapakhonde, Malichi 27

Zikomo nonse, mwandipatsa zoposa zimene ndinapempha. Aphunzitsi, ndamvera. Pa 25 analipo 14, dzulo ndinalemba 0 wanga woyamba, ndipo dzanja linalemera polemba. Achemwali a kutali, chisa cha theka la kambale chija ndawafotokozera ana, wamng'ono wachijambula kumapeto kwa kope. Achimwene a njinga, ndayamba kuyang'anitsitsa chilichonse chooneka ngati njiwa pawaya.

Funso lina landibwerera usiku. Amadziwa bwanji kuti nthawi yakwana? Kuno sikunayambe kuzizira. Udzudzu ndi tizilombo tina tikadali tambirimbiri pamwamba pa dambo, madzulo timachita kuoneka ngati fumbi. Usana ndi usiku ndi zofanana sabata ino. N'chiyani chikuwachotsa pa chakudya chooneka ndi maso n'kuwapititsa kuchipululu?

Mphunzitsi_wopuma, Malichi 28

Mayi, funso limeneli linazunguza akatswiri kwa nthawi yaitali, makamaka pa mbalame zokhala pafupi ndi equator, kumene kutalika kwa usana sikusintha kwenikweni chaka chonse. Amene analiyankha bwino ndi Eberhard Gwinner wa ku Germany. Kuyambira m'ma 1960 ankasunga timbalame toyenda maulendo ataliatali m'zipinda momwe kuwala kunali maola ofanana tsiku lililonse, kutentha kosasintha, chakudya chosasintha. Timbalameto tinalibe njira yodziwira kuti kunja ndi mwezi wanji. Koma nthawi yake ikakwana tinkasintha nthenga, tinkanenepa, ndipo usiku tinkayamba kujowajowa ndi kukupiza mapiko m'khola, chaka ndi chaka. Kusakhazikika kumeneku Ajeremani amakutcha Zugunruhe. Ndiye kuti kalendala ili m'thupi mwa mbalameyo, ndipo kutalika kwa usana kumangoikonza kuti isasochere. Kusonkhana ndi kulira kosapuma kumene munakuona pa 12 kuja, ine ndimakuona ngati kusakhazikika komweko.

Za chakudya, mbalame ikutsogola. Tizilombo mukutionato titha mvula ikalekeratu, udzu ukauma, mphepo yozizira ikayamba. Pamene kumpoto, monga anenera anamwino aja, kukubwera miyezi ya usana wa maola 16 kapena kuposa, tizilombo tochuluka, ndi malo omanga chisa. Wofika msanga ndiye amapeza mtanda wabwino m'shedi, n'chifukwa chake amuna akuluakulu amatsogola.

Popeza muli pakhonde, tcherani khutu ku mitengo yoyandikira, makamaka ya masamba ang'onoang'ono. Muli kambalame kobiriwira motuwa kotchedwa Willow Warbler, kolemera magalamu osakwana 10 nthawi zambiri, kamene kamangodumphadumpha m'masamba kutola tizilombo. Miyezi yonseyi kamangoti "huwiti" basi. Koma masabata otsiriza kasananyamuke kamayamba kuyeserera nyimbo yake ya kwawo, motsitsa mawu, kuyambira pamwamba n'kumatsetsereka mpaka kuzimirira. Tina mwa timbalameti timachokera kum'mawa kwenikweni kwa Siberia, makilomita oposa 12,000. Ine ndinakamva Lachitatu m'mawa, kawiri, mumtengo wa kuseri kwa bafa.

Nambewe_wapakhonde, Epulo 7

Ndabweranso kudzapereka lipoti. Chikhakha anachotsa pa 2 Epulo. Mwendo waonda ndipo ukuchita mantha ndi nthaka, koma ukuyenda.

Kope likuti: pa 28 Malichi 5, pa 29 3, pa 30 0, pa 31 0, pa 1 Epulo 2, kenako 0 mpaka lero. Koma pa 4 Epulo m'mawa, kunja kwa nthawi yanga yowerengera, anamzeze 6 anadutsa chapansipansi pamwamba pa udzu, motsatana, osazungulira, osayang'ana ndi waya womwe. Ndinawatsatira ndi diso langa limodzi lija mpaka anazimirira kuseri kwa mitengo ya kumpoto. Ndawalemba m'mphepete mwa tsamba. Afulagombe ndinawamva komaliza pa 3.

Aphunzitsi, Red-backed Shrike uja ndamuona! Pa 5 Epulo, pamtengo wa mpanda wa aneba, ndendende mmene munanenera, mzere wakuda m'maso. Anatsika pansi kamodzi, n'kubwerera pamtengo womwewo ndi chiwala kukamwa. M'mawa mwake panalibe. Kanyimbo kotsetsereka kaja sindinakamve, mwina ndinachedwa kutchera khutu. Mbalame zina zofiira ndi zakuda, zokhala m'udzu wa kudambo, zayamba kuchita zigamba zakhaki pamsana, ndipo sizikudzitukumulanso pa nsonga za udzu ngati mu Febuluwale.

Dzulo madzulo ndinayenda ndi ndodo, mwana wanga wamkazi atandigwira mkono, mpaka m'mphepete mwa bango. Ndi mtunda waufupi koma tinapuma katatu. Ndinkafuna kuona pamene ankagwera paja. Bango la mkati lawerama, ndipo masamba ake ayera ndi zitosi kuyambira pakati kutsika. Mwanayo anavula nsapato n'kulowa m'madzi olekeza m'mawondo, n'kutuluka ndi nthenga imodzi yakuda, yaitali, yopyapyala kunsonga, yokhala ndi kadontho koyera. Taiumika padzuwa ndipo ndaiika m'kope pa tsamba la pa 12 Malichi.

Achemwali a kutali, tikudikira tsiku lanu. Ine Lolemba ndikubwerera kuntchito ndipo 5:30 izindipeza m'njira, ndiye kope ndi magalasi ndamupatsa mwanayu. Ndamuonetsa mapolo awiri aja, ndipo 0 wa lero walemba ndi iyeyo.